CHENJEZO KWA AMALAWI ONSE: Dzino Likaleka Lokha Kuwawa, Silinapole

Amalawi anzanga, tiyambe ndi chimene sichingadikire mawa. Ngati pakhomo panu pali munthu amene dzino lakhala likumuwawa, ndipo tsopano watupa tsaya kapena kunsi kwa chibwano, thupi latentha, akulephera kuyasamula, malovu akumuvuta kumeza, mawu asintha, kapena kutupako kwakwera mpaka m'munsi mwa diso, siyani kuwerenga. Funani galimoto, njinga yamoto, kabaza, chilichonse chimene chilipo, mupite naye kuchipatala cha boma kapena cha mishoni lero lomwe, ngakhale utakhala usiku. Musadikire tsiku la kiliniki ya mano. Munthu ameneyu sakudwalanso dzino lokha. Mafinya akulowera kukhosi, ndipo akhoza kumutseka mpweya m'maola ochepa chabe.

Enafe tonse, amene tili ndi kabowo pa dzino koma tikudya nsima bwinobwino, tikhale pansi timvane. Pali chizolowezi chimene chikutigweretsa mano tili aang'ono ndipo ena chikuwapereka kumanda: timapita kwa dokotala wa mano pokhapokha titagona chogwira tsaya usiku wonse. Pofika nthawi imeneyo, chithandizo chophweka ndi chotchipa, chomwe ndi kumata dzino, chimakhala chatidutsa kale. Zotsala zimakhala ziwiri, kuchotsa mtsempha wa dzinolo, kumene madokotala amati root canal, kapena kulizula.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2022, linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa. Pafupifupi 2 biliyoni ali ndi mano achikulire obowoka amene sanathandizidwe, ndipo ana oposa 500 miliyoni ali ndi mano a mkaka obowoka. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa anzathu a m'mayiko ena dokotala wa mano ali pakona, pomwe kuno kwathu amakhala kutali, ndiye kuchedwa kumatipweteka kuwirikiza.

M'dzino mulibe mphutsi kapena nyongolotsi, ngakhale ambiri tinakula tikumva choncho. Chimene chimabowola dzino ndi asidi. Tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'zoyangayanga zoyera zomata pa mano timadya shuga amene ifeyo tadya, n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo amasungunula dzino pang'onopang'ono. Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikutu choyera, cholimba kuposa fupa lililonse m'thupi, ndipo chilibe mtsempha. Pansi pake pali gawo lachikasu lofewerapo. Pakati penipeni pali kachipinda kokhala ndi mitsempha ya magazi ndi mtsempha womva ululu, ndipo kuchokera m'kachipindako timipata ting'onoting'ono timatsika m'mizu mpaka kufupa la nsagwada.

Apa ndiye pagona tsoka. Pamene asidi akudya chikutu chakunja, munthu samva kanthu, miyezi ngakhale zaka. Akangobowola n'kufika pa gawo lofewa lija, kuwolako kumafalikira cham'mbali, pansi pa chikutu chimene chikuonekabe chabwino. Aliyense amene anatsegulapo thumba la chimanga chogwidwa ndi nankafumbwe akudziwa: pa njere kabowo ngati kobaya ndi singano, mkati ufa wokhawokha. N'chifukwa chake munthu amadabwa dzino litangophwanyika akutafuna chimanga chokazinga, n'kumati, "Koma linali labwinobwino dzulo." Silinali labwino. Linayamba kale.

Nthawi yomata dzino ndi imeneyi, kuwolako kusanafike pa mtsempha. Zizindikiro zake n'zazing'ono moti ambiri amazinyozera: kadontho kakuda kapena kabulauni pa dzino lakumapeto, nyama kapena ndiwo zamasamba kumangotsalira pamalo amodzimodzi, lilime kumakola pa kampheto kakuthwa, kapena dzino kunyerenyesa mukamwa madzi ozizira kapena tiyi wa shuga koma ululuwo n'kutha mukangomeza. Mukaona zimenezi pitani sabata yomweyo. Dokotala amachotsa chowolacho, amatsuka bowolo, n'kulitseka. Ulendo umodzi basi, nthawi zambiri osakwana ola, ndipo dzino limakhalabe lamoyo.

Zomatira zilipo zamitundu itatu imene mungakumane nayo. Pali yotuwa ngati siliva, amalgam, imene yagwira ntchito zaka zoposa 150 ndipo ndi yolimba pa mano otafunira. Pafupifupi theka lake ndi mercury, ndipo pansi pa pangano la Minamata la 2013 mayiko akuichepetsa pang'onopang'ono pofuna kuteteza chilengedwe. Mu 2022 anagwirizana kuti isamaikidwe kwa ana osakwana zaka 15, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa pokhapokha dokotala ataona kuti palibe njira ina. Koma amene muli nayo kale ndipo ili bwino, musathamangire kukaichotsa. Kuichotsa popanda chifukwa kumangodya dzino lanu. Pali yoyera yofanana ndi dzino, composite, yokongola pa mano akutsogolo, koma imafuna pouma ndiponso nyali yake yolimbitsira. Yachitatu, glass ionomer, ndi imene ife tiyenera kuidziwa bwino, chifukwa imamatirira yokha pa dzino, imatulutsa fluoride pang'onopang'ono, ndipo ikhoza kuikidwa popanda magetsi kapena makina obowolera. Njira yomata ndi zipangizo zam'manja zokhazokha imeneyi, yotchedwa ART, inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndi dokotala wa ku Netherlands Jo Frencken, n'kuyesedwanso pa ana asukulu ku Zimbabwe. Inapangidwira malo ngati athu. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer, mankhwala otsukira mano a fluoride ndi silver diamine fluoride, amene amapakidwa pa dzino kuimitsa kuwola, pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Choncho kuzima kwa magetsi si chifukwa chokwanira chozulira dzino limene likanamatidwa.

Tsopano mverani kusintha kwa ululu, chifukwa ndi kumene kumasonyeza kuti mwawoloka malire. Dzino likayamba kuwawa lokha popanda kudya kanthu, likamagunda ngati mtima, likamakudzutsani usiku, mukamwa chotentha ululu n'kukhalabe mphindi zingapo, ukamathamangira kukhutu kapena kumutu, ndiye kuti tizilombo tafika pa mtsempha. Mtsemphawo ukutupa mkati mwa kachipinda kolimba kopanda potambasukira. Kenako, patapita masiku kapena masabata, ululu uja umangoti zii. Munthu amathokoza Mulungu, amathokoza mankhwala amene anamupatsa mnzake, n'kuiwala. Chachitika n'chakuti mtsempha wafa. Chakufa sichimva kuwawa, koma chimawola, ndipo tizilombo timatsika m'mizu n'kukamanga chotupa m'fupa. Dzinolo limayamba kuda, limamveka ngati latalika kuposa anzake, limapweteka mukaluma. Ena amatuluka kachithupsa pa nkhama kamene kamaphulika, kutulutsa mafinya onunkha, kuuma, n'kubweranso. Kachithupsa kameneko ndi ngalande yotulukira mafinya, ndipo tsiku limene katsekeka ndi limene tsaya limafufuma.

Mafinya a mano akumapeto a m'munsi ali ndi njira yachidule yopita pansi pa lilime ndi kukhosi. Matendawa anawalongosola dokotala wa ku Germany, Wilhelm Friedrich von Ludwig, mu 1836, ndipo mpaka lero amatchedwa dzina lake. Lilime limakankhidwira m'mwamba ndi kumbuyo, khosi limalimba gwa, munthu amabanika. Mafinya a mano a m'mwamba akhoza kukwera kudiso mpaka ku ubongo. Musaganize kuti n'zakumudzi kokha. Mu 2007, ku Maryland m'dziko la America, mnyamata wa zaka 12 anamwalira tizilombo tochokera pa dzino lowola titafika ku ubongo, ndipo nkhaniyi inakambidwa mpaka kunyumba ya malamulo ya dzikolo. Odwala shuga, amene chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa, ndi ana onyentchera, mwa iwo kutupaku kumathamanga kwambiri.

Pa dzino lofika pamenepa musamukakamize dokotala kuti angomata. Alipo amene amalimbikira, "Adokotala, ingotsekani bowolo, ndalama zanga n'zomwezi." Kumata dzino lomwe mtsempha wake wawola ndi kutsekera mafinya mkati, ndipo usiku womwewo mudzalira kuposa poyamba. Dokotala woona mtima amakana. Amene angavomere popanda kuligogoda dzinolo, kuliyesa ndi chozizira kapena kulijambula X-ray pamene pali kukayika, ameneyo akufuna ndalama yanu yokha.

Root canal anthu amaiopa kuposa mmene ilili. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi, amatsegula dzino pamwamba, n'kuchotsa mtsempha wowolawo. Ndi tizitsulo topyapyala ngati singano amapala timipata ta m'mizu, kutitsuka mobwerezabwereza ndi mankhwala opha tizilombo, kenako n'kutidzaza ndi gutta-percha, utomoni wa mitengo ya ku Malaysia ndi mayiko oyandikana nawo umene madokotala a mano akhala akugwiritsa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1800. Dzino lakutsogolo nthawi zambiri limakhala ndi kampata kamodzi, lakumapeto timipata titatu kapena tinayi, tina tokhotakhota, n'chifukwa chake ntchito ya dzino lakumapeto imatenga nthawi ndipo imadula. Pamafunika X-ray, ndipo kawirikawiri maulendo awiri kapena atatu. Ikachitika mwaluso, mano 8 kapena 9 pa 10 aliwonse amakhala zaka zambiri akugwira ntchito. Ululu umene anthu amausimba kwambiri ndi wa matenda amene anawatengera kumeneko, osati wa chithandizocho.

Koma pali msampha umene ambiri agweramo. Pa ulendo woyamba dokotala amachotsa mtsempha, amaika mankhwala mkati, n'kutseka ndi chomatira chongoyembekezera. Ululu umatha tsiku lomwelo. Wodwala uja amaona kuti wachira, ndalama ya ulendo wachiwiri amagulira feteleza kapena kulipirira mwana fizi, osabwereranso. Chomatira chongoyembekezeracho chimaphwanyika m'masabata ochepa, malovu amalowa, tizilombo timadzazanso m'mizu, ndipo pomaliza dzinolo limazulidwa, ndalama yoyamba ija italowa m'madzi. Ngati mukudziwa kuti simungakwanitse kumaliza, nenani poyamba pomwe. Dziwaninso kuti dzino lakumapeto lochotsedwa mtsempha limakhala losachedwa kung'aluka, chifukwa mbali yaikulu yadyeka kale ndipo mkati mwagobedwa. Limafunika kuvekedwa kachisoti kolimba pamwamba. Funsani mtengo wa zonse pamodzi musanakhale pa mpando wa dokotala, chifukwa root canal ndi kachisoti kake zimawirikiza kangapo mtengo wa kumata.

Tinene chilungamo pa za dziko lathu. Chithandizo chimenechi sichipezeka paliponse. Chimachitika makamaka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central ndi Zomba Central, m'zipatala zina za mishoni, ndi kwa madokotala apulaiveti m'mizinda. M'maboma ambiri amene amatithandiza ndi ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, amene ntchito yawo yaikulu ndi kumata, kutsuka ndi kuzula. Mpaka posachedwapa Malawi analibe sukulu yakeyake yophunzitsa madokotala a mano. Maphunzirowa anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Panthawiyo dziko lonse, la anthu oposa 17 miliyoni, linali ndi madokotala a mano osakwana 50. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Izi ndi zolimbikitsa, koma mlimi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene dzino lamugwira lero sangadikire kuti ophunzirawo achuluke. Kwa iye, kuphonya nthawi yomata n'chimodzimodzi kutaya dzino.

Ndipo ngati zafika pamenepo, lolani lizulidwe. Ine sindili m'gulu la amene amanyoza kuzula. Dzino lowola mpaka m'mizu, long'aluka pakati, kapena la munthu amene sangafike kumene kuli root canal, kulichotsa ndi chithandizo chenicheni ndipo kwapulumutsa miyoyo yambiri. Kuzula dzino la m'mwamba sikuchititsa khungu. Mitsempha ya maso ndi ina. Mayi woyembekezera akhoza kumatidwa kapena kuzulidwa dzino, jakisoni wa dzanzi savulaza mwana, ndipo mafinya osiyidwa ndi amene ali oopsa kwa onse awiri. Ingomuuzani dokotala kuti ndinu oyembekezera, kapena kuti muli ndi BP, shuga, kapena mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Chimene ndikukana ndi kuzula kukhala chizolowezi, chaka chino limodzi, chaka chamawa lina. Munthu wamkulu ali ndi mano 32 ndipo samera kachiwiri. Pamene pachoka limodzi, oyandikana nalo amapendekera pa mpatawo, loyang'anana nalo limatsika, ndipo pofika zaka 45 munthu amasankha ndiwo potengera zimene angathe kutafuna.

Za makapisozi a pagolosale, chonde tamvani. Amoxil, Flagyl ndi anzake sachiza dzino. Mankhwala amayenda ndi magazi, ndipo mkati mwa dzino lakufa simufikanso magazi, ndiye tizilombo timakhala phee m'menemo, mankhwala akungodutsa kunja. Kutupa kumaphwa kwa kanthawi, n'kubweranso. Munthu amagulanso makapisozi anayi, mwezi wamawa asanu, ndipo pamene akuchita zimenezi akuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwalawo, kotero kuti tsiku limene adzawafunedi, pa chibayo kapena pa bala, sadzagwira ntchito. Mankhwalawa ali ndi malo ake, pamene kutupa kukufalikira kapena thupi latentha, koma apereke ndi dokotala, ndipo ayendere limodzi ndi kuchotsa gwero la mafinyawo. Poyembekezera kufika kuchipatala imwani Panado, kapena Brufen ngati mulibe zilonda zam'mimba, vuto la impso, kapena pakati, motsata muyezo wolembedwa. Chukuchani madzi ofunda a mchere. Musaike aspirin pa nkhama, amawotcha nyama n'kusiya chilonda choyera. Asidi wa mu batire, mafuta a mabuleki, petulo, parafini, fodya wosinja, zonsezi anthu amathira m'bowo la dzino. Zina zimaphadi mtsempha n'kuthetsa ululu, ndipo mwamva kale chimene chimatsatira mtsempha ukafa. Za ozula mano pamsika ndi pulayala, zipangizo zosaphika zimene zalowa m'kamwa mwa anthu angapo zimafalitsa matenda a chiwindi ndi HIV, ndipo muzu wothyokera mkati umadzatupa. Wogwira ntchito ya mano aliyense ayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa.

Inu makolo ndi agogo, pali dzino limodzi limene tikulitaya chifukwa chosadziwa. Mwana akafika zaka 6 amamera mano anayi akuluakulu kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mano a mkaka, popanda dzino lililonse kugweruka. Poti palibe lagwa, makolo amayesa nawonso ndi a mkaka, likabowoka n'kumati, "Lisiyeni, lidzachoka lokha." Limenelo ndi lachikulire, ndi limene limasenza ntchito yaikulu yotafuna moyo wonse, ndipo likachoka lapita. Madzulo ano muitaneni mwana wanu wa Sitandade 1 kapena 2, ayasamule, muunike ndi tochi ya pafoni. Mukaona mizere yakuda kapena kabowo pa mano akumapetowo, pitani naye. Ngakhale mano a mkaka enieniwo si otaya: amawola, amatupa, amamulepheretsa mwana kudya ndi kupita kusukulu, ndipo amasungira malo mano amene akubwera.

Shuga amene akuwononga mano a ana athu mukumudziwa: mafilizesi pageti la sukulu, maswiti, chingamu, mabisiketi, zakumwa zotsekemera m'botolo la mwana wakhanda pogona, tiyi wa masupuni anayi. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 50 a shuga wothira patsiku, omwe ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12, ndipo ndi bwino koposa kukhala pansi pa masupuni 6. Botolo limodzi la chakumwa choziziritsa kukhosi la 300 ml likhoza kukhala ndi masupuni pafupifupi 8. Koma kwa dzino, choopsa kwambiri ndi kubwerezabwereza. Nthawi iliyonse shuga akalowa m'kamwa, asidi amagwira ntchito kwa theka la ola kapena kuposa malovu asanamuziziritse. Mwana amene wadya maswiti asanu nthawi imodzi atatha nsima ali bwino kuposa amene akumung'unya limodzilimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Tsukani mano kawiri patsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Pa chubu palembedwe pakati pa 1,000 ndi 1,500 ppm. Kwa mwana wosakwana zaka 3 muyezo ndi kambewu ka mpunga, kuyambira zaka 3 mpaka 6 kambewu ka nsawawa. Mukatha lavulani, osachukucha ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Mswachi wa mtengo umachotsa zoyangayanga bwino ndithu, ndipo palibe choletsa kuupaka mankhwalawo. Makala, phulusa ndi mchenga zimapala chikutu cha dzino.

Mawu pang'ono kwa a ku Nathenje, mbali zina za Machinga ndi Chigwa cha Shire, kumene madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride wochuluka mwachilengedwe: mano a mathothomathotho abulauni amene ana ambiri kumeneko amakula nawo si kuwola, ndipo si chifukwa chozulira. Akawaone dokotala kuti asiyanitse.

Kwa a Unduna wa Zaumoyo, makhonsolo ndi aphungu athu, pempho ndi lachindunji. Chipinda cha mano chokhala ndi zozulira zokha chimaphunzitsa anthu kuti kuchipatala amangozula, ndipo anthu akakhulupirira zimenezo amadikira mpaka dzino litafikadi pozulidwa. Glass ionomer ndi zipangizo zake zam'manja zisamasowe m'chipatala cha boma lililonse, zifike mpaka kuzipatala zazing'ono, ndipo ma dental therapist apatsidwe mayendedwe okaunika ana m'sukulu za pulayimale. Alangizi azaumoyo amene amayenda kale m'midzi pa sikelo ndi katemera akhoza kuphunzitsidwa kuyang'ana m'kamwa mwa mwana ndi kutumiza msanga.

Inu amene mwatsimikiza zopita, tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo musachite manyazi kufunsa. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Funsani kuti, "Adokotala, kodi mtsempha wa dzinoli ukadali moyo? Lingamatidwe? Ngati ayi, root canal ingatheke, ndipo ingachitikire kuti, pa ndalama zingati zonse pamodzi?" Akakuuzani kuti dzino ndi lomatika koma zomatira zatha, musavomere kuti lizulidwe chifukwa cha chimenecho. Pemphani akulembereni m'kabukumo kuti mukathandizidwe kuchipatala china, ndipo mupite mwezi womwewo.